Maiki ya kwa aNambewe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Chingerezi, ndipo Chingerezi chomwecho n'chimene chinandikuza mutu. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwerera kwathu kufupi ndi Mayani, n'kumathandiza bambo kudimba la mbatatesi, thupi kudimba mtima kwina. Tsiku lina la msika ndinalowa mu vidiyo ya aNambewe kuthawa mphepo. Munkaonetsedwa filimu ya ku China, mawu a Chingerezi akudutsa m'munsi mwa TV, ine n'kuyamba kumasulira mnzanga amene ndinakhala naye. Posakhalitsa anthu a kutsogolo ndi a kumbuyo onse anapendekera kwa ine. Filimu itatha, aNambewe, eni ake a vidiyoyo, mayi wamasiye amene ankakhala pakhomo ndi kachikwama m'chiuno, anandikoka malaya.

"Inu si a Feli, mwana wa a Sitefano a kudimba? Mawa mubwere. Ndili ndi maiki muno ikungochita dzimbiri."

Vidiyoyo inali chinyumba cha njerwa kuseri kwa ziwaya za chipisi, mawindo ake otseka ndi mapepala akuda a pulasitiki. Kutsogolo kunali TV pa shelefu yokhomedwa m'mwamba, pansi pake makina oikamo zimbale, ampulifaya ndi masipika awiri, ina mkati, ina panja yoitanira anthu. Kuseri kunali kajenereta ka masiku ozima magetsi. M'mawa ndinkasesa, kukonza mabenchi, kupukuta zimbale ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, kenaka kulemba mafilimu a tsikulo pa bolodi ndi choko. Chimbale chikakalika tinkachipaka mankhwala otsukira mano pang'ono n'kuchitsuka ndi madzi.

Koma ntchito yeniyeni inali ya maiki. Umakhala pa kampando pambali pa TV, maiki kumanja, dzanja lamanzere pa kabatani kokwezera mawu. Anthu a mufilimu akayamba kuyankhula, umatsitsa mawu awo n'kuyankhula iwe m'Chichewa. Ndewu ikayamba, umakweza msanga. ANambewe anandipatsa lamulo limodzi lokha: "Osayankhula pamwamba pa theche. Anthu abwera kudzamva theche."

Ine ndinkamasulira zenizeni, liwu ndi liwu, osaonjezera osachotsera. Anthu ankamvetsera bwinobwino ngati ali m'kalasi, ndipo ine ndinkaona ngati umenewo ndi ulemu. Pamsika anayamba kunditcha aphunzitsi. Ndinagula kajekete ka kaunjika n'kumayenda manja ali m'thumba.

Kenaka kunabwera mafilimu a mtundu wina, oseketsa, osakaniza karati ndi mpira. Yoyamba inali ya anthu onyamula katundu pamsika wina, amene bwana wolemera ankafuna kuwagwetsera msika wawo, mpaka anapangana kuti mlanduwo ukathere pabwalo la mpira. Anthuwo mpira sankaudziwa, ankadziwa karati basi. Wina ankathamanga pamapewa a anzake, wina akamenya mpira mbuzi za kuseri kwa golo zinkakunkhulika. Ine ndinkamasulirabe liwu ndi liwu, nkhope ili gwa, ngati ndikuwerenga kalata ya maliro.

Kumbuyo kwenikweni kunkakhala a Damiyano, bambo wa ana awiri, amene ntchito yawo inali kukweza matumba a mbatatesi m'malole opita ku Lilongwe. Sukulu anailekeza Sitandade 2, kuwerenga sankatha, ndipo msana unali utayamba kuwavuta. Ankaponya timawu kuchokera kumbuyoko, anthu n'kumaseka, ine n'kumakwiya. Ndiye sabata ina chimfine chinanditseka mawu, ndinkangotulutsa mphepo. ANambewe anayang'ana kumbuyo kuja.

"A Damiyano, pakamwa panu paja tabwerani napo kuno. A Feli azikunong'onezani nkhani."

Abale, ndinaona zinthu tsiku limenelo. Munthu uja atangogwira maiki, anthu onse a mufilimu anasanduka a ku Mayani. Goloboyi wonenepa anakhala a Kaphikireni a pachiwaya, bwana wolemera uja anakhala vendala wogula mbatatesi ndi ndowa yotupa m'mimba. Mpira ukayamba ankaulengeza ngati pa wailesi, theche likamabwera ankadula mawu pakati, phaa! n'kumalizitsa chiganizo chake munthu ali m'mwamba. Anthu anagwa pa mabenchi. Azimayi a tomato anasiya malonda n'kudzasuzumira pakhomo. Madzulo ake aNambewe anagamula mlandu osandifunsa.

"A Feli, inu muziwauza nkhani m'mawa, iwo azinena masana. Zinazo muzichita monga kale."

Umu ndi mmene tinkagwirira. Chimbale chatsopano chikabwera, tinkachionera awiri m'mawa, chitseko chotseka. Ine ndinkawerenga mawu a m'munsi aja n'kumawauza. Iwo zambiri sankazisamala, ankangofunsa zinthu zitatu: wosauka ndi uti, wankhanza ndi uti, ndipo uyu ndi ndani wake wa uyu. Funso lachitatulo ankalibwereza kwa munthu aliyense wa mufilimu, ngakhale wogulitsa madzi. Ndinawafunsapo chifukwa chake.

"Aphunzitsi, munthu wa kuno saseka munthu amene sakudziwa kuti ndi mwana wa yani," anandiyankha choncho. "Komanso taonani. Ya karati yokhayokha muli magazi, azimayi sabwera. Mpira weniweni umatha kutha opanda chigoli, munthu wazizidwa pachabe. Koma umu munthu amamenyedwa mpaka kukagwera padenga, n'kutsika akusansa fumbi. Safa munthu. Ndipo timu yake muli wonenepa, wamfupi, wamantha, chidakwa, aliyense wakhala pa benchiyu akudzipezamo. Anthu angati ogwira khasu anaonapo osauka akupambana masana dzuwa likuswa mtengo?"

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkandipweteka kwambiri. Ine wa Fomu 4 sindinaziganizepo, anaziganiza ndi munthu wosenza matumba.

Ndisakunamizeni, nsanje inandidya. Nkhani ndinkawapatsa ndine, koma pachiwaya chipisi choonjezera ankaikira iwo. Ana ankathamanga mumsewu akubwereza mawu awo. Anthu ankachoka ku Kaphuka pa njinga kudzawamva, azimayi a kwaya ndi akuluakulu a kutchalitchi amene kale ankati vidiyo ndi nyumba ya zoipa anayamba kukhala kutsogolo. Ndipo m'mawa uliwonse ine, ndi dzanja langali, ndinkalemba pa bolodi ndi choko kuti "Wofotokoza: Damiyano". Dzina limene mwini wake sankatha kuliwerenga! Ndikamalemba, choko chinkathyoka. Iwo pondiona ankangoti, "Mwadzuka bwanji, maso anga?" ndipo ankanena ndi mtima woyera. Kukoma mtima kwawoko kunkandinyansa kuposa chipongwe. Ndinkaifuna maiki yanga, basi.

Tsiku limene zinthu zinavuta linali la msika, mwezi wa Juni, nkhungu ili tolo mpaka pamsewu. Dzulo lake masana kunali kutabwera chimbale chatsopano, a Damiyano atapita ndi mwana kuchipatala, ndiye ndinachionera ndekha titatseka, anthu atapita. Inali ya akabaza amene anapanga timu ya basiketibo. Mtsogoleri wawo anali mnyamata wamasiye amene anakulira pakhomo pa nkhalamba ina yophunzitsa karati, ndipo wophunzitsa timuyo anali mtsikana, mwana wa nkhalambayo. Awiriwo filimu yonse ankangokangana, koma kumapeto ankakwatirana pabwalo pomwepo. Panalibe ubale uliwonse pakati pawo.

M'mawa mwake magetsi kunalibe. ANambewe anagwedeza kachigubu ka petulo nati, "Mafuta awa ndi a anthu. Zoonera awiri lero kulibe." Choncho tinakhala pakhonde, a Damiyano atafunda chibulangete, chikuto cha chimbale chili m'manja, n'kuyamba mafunso awo aja. Wosauka ndinawauza. Wankhanza ndinawauza. Kenaka anaika chala pa mtsikana uja.

"Nanga uyu ndi ndani wake wa mnyamatayu?"

Sindinakonzekere usiku ayi, zinangotuluka pakamwa ngati zinali kudikira pomwepo.

"Ndi mlongo wake," ndinatero. "Bere limodzi."

"Eya, zabwino zimenezo," anatero akumwetulira. "Anthu amakonda za pachibale."

Pofika teni koloko munadzaza, ena ataima m'mbali mwa khoma. Kutsogolo kunakhala a Gerevazio, mkulu wa mphakati wathu wa kutchalitchi, ndi akazi awo, ndi azimayi a kwaya angapo. Ndinaliza jenereta, n'kukhala pansi pa TV ndi rimoti. A Damiyano anayamba ndi kutcha masewerawo netiboli ya azibambo, anthu n'kufa nazo. Ndiye anaumanga ubale uja mwaluso, njerwa ndi njerwa. Mtsikana akamukalipira mnyamata, iwo ankati, "Achimwene, amayi akanakhala moyo mukanachita zimenezi?" Mnyamata akathamangitsa mwamuna wina amene ankamuyandikira mtsikanayo, ankati, "Mlongo wanga sakwatiwa ndi munthu wopanda dimba!" Azimayi ankawomba m'manja, wina mpaka anati, "Achimwene enieni amenewo." Ine pansi paja ndinkamvetsera, theka mantha theka kukoma.

Chapakati, awiri aja anakhala padenga la nyumba, n'kugwirana manja nthawi yaitali ndithu. A Damiyano anatseka maiki ndi chikhatho n'kuwerama.

"Maso anga, bere limodzi ndithu?"

Pamenepo ndiye panali pobwerera. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ndithu."

Anadzuka n'kunena pa maiki kuti, "Akukumbukira malemu mayi awo," anthu n'kuusa moyo.

Masewero omaliza anali moto. Akabaza ankauluka, mpira unkadutsa pakati pa miyendo ya anthu asanu, wamfupi uja anaponda mutu wa chimphona n'kuponya chigoli chopambanira. Nyumba yonse inaimirira. Phokoso lisanathe, mnyamata uja anathamangira mtsikana, kumunyamula, n'kumupsompsona pakamwa. Chithunzi chotsatira anali atavala za ukwati, nkhalamba ija ikuwadalitsa.

Kunkangomveka jenereta kuseri.

"Malodza!" anakuwa mayi wina, n'kuphimba mwana wake kumaso ndi chitenje. A Gerevazio anaimirira, chipewa chili m'manja.

"ANambewe, mwatiitanira zimenezi? Munthu ndi mlongo wake? Tinkanena ife kuti nyumba ino ndi ya zonyansa!"

Azimayi a kwaya anayamba kulondola kukhomo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti dzenje limene ndinakumbira munthu mmodzi likumeza nyumba yonse. Mawu amenewo akanafika kutchalitchi Lamulungu, vidiyo ikanatsala ya zidakwa zokhazokha.

A Damiyano anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanakwiye, anangondiyang'ana ngati mmene umayang'anira mbatatesi imene waidula n'kupeza yowola mkati. Kenaka anaseka pa maiki, chiphwete chachikulu.

"Mwagwa nazo! Khalani pansi, amayi, khalani pansi, a Gerevazio. Mumafuna ndikuuzeni chinsinsi filimu isanathe? A Feli, tabwezani m'mbuyo, paja nkhalamba imalira paja."

Panalidi malo amene nkhalamba ija inaitana awiriwo n'kuwayankhula ikugwetsa misozi. Mawu a m'munsi ankanena za mendulo yake yakale. Ndinabweza ndi chala changa chomwechi. A Damiyano anatsitsa mawu a filimu n'kuyankhula ndi mawu onjenjemera a nkhalamba.

"Ana anga, ndinakubisirani. Iwe mnyamata sindinakubereke ine. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, anakusiya uli khanda. Ine ndine malume ako, ndipo uyu ndi msuweni wako."

Kenaka anabwerera ku mawu awo. "Inunso anthu a ku Mayani, maso mulibe? Munaonapo mlongo akulanda mchimwene wake chipewa, kumuthira madzi pagulu, kumunena kuti miyendo ngati mipini, iye n'kumangoseka? Chimenecho si chisuweni? Nanga msuweni sakwatiwa?"

Kumbuyo wina anakuwa, "A Gerevazio, inuyo mayi ali pambali panuwo si mwana wa amalume anu?"

Zinali zoona, Mayani yense ankadziwa. Akazi awo a Gerevazio ndi amene anayamba kuseka, mpaka kugwira m'nthiti, n'kuwakoka amuna awo jekete kuti akhale pansi. Nyumba inaphulika. Azimayi amene anali pakhomo anabwerera akululutira, ukwati uja tinauonetsa kawiri, ndipo potuluka anyamata anawanyamula a Damiyano m'mwamba, iwo akukuwa kuti, "Msana, anthuni, msana!"

Anthu atatha, aNambewe anabwera akupukuta thukuta, kunja kukuzizira chonchija.

"A Damiyano, mudzandipha ndi mtima. Zoterezi muziyamba mwandiuza."

Ndinadikira kuti anditchule. Ndinali nditakonzeka kale kuvula kajekete kaja n'kubwerera kudimba. Koma iwo anangokhosomola nati, "Pepani, mayi. Komatu pakhosi pandikanda. Ya thuu koloko anene a Feli." ANambewe atatuluka, a Damiyano anandiikira maiki m'manja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Mumaifuna, nayi. Nkhaniyi ndi yanu, mukainene nokha."

Ya thuu koloko munadzaza kuposa m'mawa, chifukwa amene anaonera kale anabwerera ndi anzawo kuti adzawaone akugwa mu msampha. Ndinakhala pa kampando kanga kakale, kamene ndinakalirira miyezi yonse ija. Mawu oona ankadutsa m'munsi mwa TV, ine ndikuwawerenga bwinobwino, koma sindikanatha kuwanena. Nditangoyesa kunena kuti mtsikanayu si mlongo wa mnyamatayo, ndi mwana chabe wa nkhalamba yomuphunzitsa karati, anthu anakuwa, "Ayi! Ndi mlongo wake! Nenani bwino!" Choncho kwa ola ndi theka ndinanena bodza langa lomwe, mobwereza. Nthabwala za a Damiyano ndikazibwereza zinkatuluka zozizira. Kawiri konse ndinayankhula pamwamba pa theche. Pofika pa nkhalamba yolira paja, nyumba yonse inakuwa "Msuweni!" ine ndisanatsegule pakamwa, kenaka anayamba kuimba dzina la a Damiyano akumenya mabenchi. Mwini dzina anali panja, akuwotha dzuwa ndi chipisi.

Mawa lake ndinaika maiki pa kampando n'kukatenga tsache. Palibe anandiuza, ndinangodziwa.

A Damiyano sanaulule kwa munthu, ndipo sitinakambiranepo. Ankandipatsa moni bwinobwino, koma tsopano ankati "a Feli". Mawu aja akuti maso anga sindinawamvenso. Chimbale chatsopano chikabwera ankachionera okha katatu, mpaka kumapeto, ine ndikusesa kumbuyo kwawo. Nthawi zina ndinkaona kuti asokonezeka, chala chili pa munthu wina wa mufilimu, ndipo ndinkachedwetsa tsache dala kuti mwina atembenuka. Sanatembenuke. Ndinapirira mpaka mvula yoyamba, n'kutsanzika.

Nsanje ija musaganize kuti inatha. Mpaka lero ndikapita ku Mayani, anthu a msinkhu wanga amakumbutsana za filimu ya asuweni, n'kumati a Damiyano anali ndi mutu, anapusitsa nyumba yonse mpaka a Gerevazio. Ine ndimaseka nawo, mkati mukuwawa. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinapekapo pa ntchito imeneyo, anthu n'kuchikonda, chinali bodza lofuna kugwetsa mnzanga, ndipo nalonso linatchukitsa iwo.

Masiku ano ndimamasulira pamisonkhano ya alimi kukabwera alendo oyankhula Chingerezi. Sindiseketsa anthu, ndinavomereza kuti mphatso imeneyo si yanga. Koma pamakhala nthawi imene mlendo wayankhula, ndiye mlimi wina wachikulire, amene sangathe kundigwira bodza ngakhale nditamunamiza chotani, amandikoka dzanja n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani, mwanawe?" Pamenepo ndimaona khonde lija, chibulangete, ndi chala chili pa chikuto cha chimbale. Ndimamuuza zimene zanenedwa, zonse, ngakhale zosakoma. Munthu mmodzi anasiya kale kundifunsa, ndipo ameneyo akukwana.